Apulofesa Avomera, Koma Chaputala Adzawerenga Ndani?

(KANYIMBO KOTSEGULIRA, KATSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA MAWU:

Ino ndi pulogalamu yanu ya za maphunziro. Lero nkhani ikuyambira ku Area 24, kufupi ndi phiri la Ngwenya, ndipo ikukhudza digiri imene imatchulidwa ndi zilembo zitatu zokha, PhD, ija munthu akaitenga amatchedwa Dokotala ngakhale ntchito yake si ya kuchipatala.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Area 24 konko. Amaphunzitsa zaulimi pa sekondale yoyendera, ali ndi ana awiri, ndipo digiri yachiwiri, ya Masters, anaitenga ku Bunda. Tsiku lina madzulo, ali mkati mochonga makope, pa foni pakulowa imelo. Pulofesa wina wotchuka wa pa yunivesite ina, amene dzina lake limamveka pa wailesi ndi m'misonkhano ya kunja, wavomera kumutenga kuti achite PhD pa kafukufuku wa kaufiti, udzu uja umayamwa chimanga ku mizu mpaka mlimi kukolola madengu awiri pa ekala yonse. Fizi ilipiridwa, ndalama ya mwezi ndi mwezi ilipo ya zaka zitatu. Pakhomo pamveka nthungululu. Bambo a m'nyumba ayamba kale kumuitana kuti adokotala. Koma m'mawa mwake, pa nthawi yopumulira, mphunzitsi mnzake akumukokera pambali: "Asisi, mwayi ndi umenewu ndithu. Koma apulofesa amenewo sapezeka. Lero ali ku Nairobi, mawa ku Mponela ku wekishopu, mkuja ku komiti ya boma."

Mayiyu ndi wongoyerekeza, koma funso limene lamuchotsa tulo amakumana nalo ambiri chaka ndi chaka: avomere, kapena adikire mwayi wina?

Kuti funsoli limveke kulemera kwake, munthu ayenera kudziwa chimene PhD ili. Mapulogalamu ena amayamba ndi maphunziro a m'kalasi, koma mtima wa digiriyi ndi kafukufuku wa munthu mmodzi, wotenga zaka zitatu, zinayi kapena kuposa, amene pamapeto pake amakhala buku. Pa ulendo wonsewu pamakhala munthu mmodzi woyang'anira, amene ophunzira amangoti supavaiza. Iyeyu ndiye amavomereza ndondomeko ya kafukufuku isanayambe. Ndiye amawerenga chaputala chilichonse n'kunena pamene maganizo apotoka. Ndiyenso amasaina kuti bukulo lapsa, lipite kwa oyesa. Ku sekondale mphunzitsi wa masamu akajomba mwezi wonse, mwana amatha kubwereka notsi za mnzake n'kukhoza mayeso. Pa PhD palibe mnzako wokhala ndi notsi, chifukwa funso limene ukufufuzalo palibe wina analiyankhapo. Siginecha ya supavaiza ikasowa, zonse zaima.

Vuto la mphunzitsi wotchuka amene aliyense akumufuna silinayambe lero, ndipo Chichewa chathuchi chili ndi mbali yake m'mbiri imeneyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, pa University of Chicago ku America panali wophunzira wachikuda wa komweko, Mark Hanna Watkins. Mphunzitsi wake anali Edward Sapir, katswiri wa zinenero amene dzina lake likutchulidwabe mpaka lero. Watkins anasankha kufufuza galamala ya Chichewa, ndipo amene ankamuuza mawu ndi ziganizo anali mnyamata wa ku Kasungu wophunzira pa yunivesite yomweyo, Hastings Kamuzu Banda. Mu 1931 Sapir anaitanidwa ku Yale, yunivesite ina ya kutali ndi Chicago, ndipo ananyamuka. Ophunzira ake ena, monga Morris Swadesh ndi Mary Haas, anamutsatira komweko. Watkins anamalizira digiri yake ku Chicago mu 1933, ndipo buku lake, A Grammar of Chichewa, linasindikizidwa mu 1937. Akatswiri amalitsegulabe akafuna kumva Chichewa cha ku Kasungu cha nthawi imeneyo.

Nkhaniyi ikuonetsa zinthu ziwiri zimene zimayendera limodzi. Watkins anaphunzira pa mapazi a munthu wodziwa, ndipo luso la munthuyo likuoneka m'bukumo. Koma kutchuka komweko ndi kumene kunachititsa kuti mphunzitsiyo asamuke ntchito ili pakati. Wotchuka amakhala ndi omufuna ambiri, ndipo wophunzira ndi mmodzi chabe mwa iwo.

Kuno kwathu, kutanganidwa kwa apulofesa kuli ndi zifukwa zake, ndipo kuwanena kuti ndi aulesi kapena odzikonda n'kuwalakwira. Kwa zaka zambiri dziko lino linali ndi yunivesite imodzi yokha, University of Malawi, imene inayamba kuphunzitsa mu 1965. Ya ku Mzuzu inatsegulidwa mu 1999. Bunda inachoka pansi pa University of Malawi n'kukhala LUANAR mu 2012. MUST ya ku Thyolo inalandira ophunzira oyamba mu 2014. Kenaka mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu: ya ku Zomba inasunga dzina, Polytechnic inakhala MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala KUHeS. Onjezani mayunivesite omwe si aboma amene akuchulukirachulukira. Iliyonse imafuna akuluakulu a nthambi, a madipatimenti, a makomiti, ndipo onsewa amasankhidwa pa gulu laling'ono lomwelo la anthu okhala ndi PhD. Munthu mmodzi amaphunzitsa holo yodzaza ndi ana a chaka choyamba, amachonga mapepala awo, amalemba zopempha ndalama kwa mabungwe akunja, amayesa mabuku a ophunzira a ku Zambia ndi ku Uganda, amakhala m'bodi ya bungwe la boma, ndipo poti malipiro sakwanira amagwiranso ntchito zapadera zolangiza mabungwe. Chaputala cha mayi wa ku Area 24 chimakalowa pansi pa mulu umenewo.

Ngakhale ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amapita kukachita PhD, nkhani ndi yomweyo. Ndondomeko ya chitukuko ya dzikolo, imene inatuluka mu 2012, inati pofika 2030 akufuna kumatulutsa madokotala a maphunziro oposa 5,000 pa chaka, pamene mu 2010 anatulutsa 1,420. Ndondomeko yomweyo inati aphunzitsi a m'mayunivesite okhala ndi PhD anali 34 pa 100 alionse, ndipo inafuna kuti apose 75. Ophunzira akamachuluka msanga kuposa owayang'anira, mphunzitsi mmodzi amasenza ambiri.

Tsono mayi uja asapupulume kukana, chifukwa pulofesa wotanganidwa amabwera ndi zinthu zimene wosatanganidwa nthawi zambiri alibe. Ndalama za kafukufuku zimatsata mayina. Mu 2016 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza ndalama zothandiza malikulu 24 a kafukufuku m'mayiko asanu ndi atatu a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa. Malawi anapeza awiri. Loyamba ndi AquaFish ku LUANAR, la za nsomba, limene ankatsogolera Pulofesa Emmanuel Kaunda, amene pambuyo pake anasankhidwa kukhala mkulu wa yunivesiteyo. Lachiwiri ndi ACEPHEM ku College of Medicine, la za umoyo wa anthu ndi mankhwala a zitsamba, lotsogoleredwa ndi Pulofesa Adamson Muula. Ndalama zotere zimalipira fizi, zimagula zipangizo za mu labu, zimaika mafuta m'galimoto yopita kumunda. Wophunzira wa pulofesa wodziwika amatumizidwa ku misonkhano, amadziwana ndi anthu, ndipo akamaliza, kalata yomuchitira umboni yosainidwa ndi dzina lodziwika imawerengedwa mpaka pansi. Izi si zazing'ono kwa mphunzitsi amene malipiro ake amatha pa 15.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Komabe pali chinthu chimodzi chimene ndalama za pulojekiti sizingabweze, ndicho nyengo. Apa mpamene mlimi aliyense wa ku Mitundu kapena ku Nsaru angamvetse vuto la PhD kuposa munthu wa mu ofesi. Kafukufuku wa kaufiti amachitika m'munda wa chimanga, ndipo chimanga cha mvula chimadzalidwa kamodzi pa chaka, mvula ikagwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Munda woyeserera, kaya uli ku malo a kafukufuku a Chitedze kaya m'minda ya alimi, uyenera kuyezedwa, kugawidwa timagawo, mbewu ndi feteleza zigulidwe, zonse mvula isanagwe. Ndipo zonsezi zimadikira kuti supavaiza awerenge ndondomeko n'kunena kuti yalongosoka. Ndondomeko imene inatumizidwa mu Ogasiti ikabwera ndi ndemanga mu Januwale, wophunzira sanataye miyezi isanu yokha ayi. Wataya chaka chathunthu, chifukwa chimanga cha anzake chafika kale m'mawondo. Oyesa amafuna zotsatira za nyengo ziwiri kapena kuposa, poti chaka chimodzi chikhoza kukhala cha ng'amba. Pa zaka zitatu za ndalama zija pali nyengo zitatu zokha za mvula. Imodzi ikapita chifukwa imelo sinatsegulidwe, zotsalazo zilibe malo olakwitsa.

Amene akufufuza za anthu ali ndi mtundu wawo wa kudikira. Kafukufuku wa zaumoyo sayamba popanda chilolezo cha komiti yoona kuti anthu ofunsidwa asapwetekedwe kapena kunamizidwa, monga COMREC ya ku KUHeS kapena komiti ya NHSRC. Makomitiwa amakumana pa masiku oikika, ndipo mafomu ake amafuna dzanja la supavaiza. Tsiku lopereka likadutsa apulofesa ali pa ndege, munthu amadikira nkhumano yotsatira.

Nthawi ikamapita choncho, ndalama nayo imasungunuka m'manja. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Wophunzira amene ndalama yake ya mwezi inalembedwa m'makwacha zimenezi zisanachitike anaona yekha mmene thumba la ufa ndi lendi zinamuthawira. Thandizo la maphunziro likatha pa chaka chachitatu buku lisanathe, fizi ya chaka chachinayi imachoka m'thumba la mwini. Tchuthi cha maphunziro chimene abwana anapereka chimatha, munthu n'kubwerera ku choko ndi bolodi, kumalemba chaputala usiku, magetsi akakhala kuti alipo. Ambiri amene anasiya PhD panjira sanasiye chifukwa cha kuchepa nzeru. Anatopa ndi kudikira, ndipo kudikira kwa pawekha kumadwalitsa. Mu 2019 magazini ya sayansi ya Nature inafunsa ophunzira a PhD oposa 6,000 a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo 36 pa 100 alionse anati anafunapo thandizo chifukwa cha nkhawa kapena kuvutika maganizo kobwera ndi maphunzirowo.

Palinso mtunda. Kuchoka m'tauni ya Lilongwe kukafika ku Bunda ndi makilomita pafupifupi 30, ku Blantyre ndi oposa 300. Munthu wa ku Area 24 amayamba ndi kabaza, kenaka minibasi, mwina basi yaikulu pamwamba pake. Kukapeza chitseko cha ofesi chili chokhoma, mlembi n'kungoti angotuluka kumene, ndi ndalama ya ndiwo ya sabata yonse imene yapita.

Nanga mayiyu atani? Makolo athu anali nayo kale njira yophunzitsira pamene mphunzitsi wamkulu ali mmodzi ndipo ophunzira ali ambiri. Pa chinamwali pamakhala namkungwi, mwini mwambo, amene amadziwa zonse ndipo mawu ake ndi omaliza. Koma namkungwi sagona pambali pa namwali aliyense. Namwali amakhala ndi phungu wake, munthu amene anadutsamo kale, amene amakhala naye usana ndi usiku, kumubwerezera zimene sanamve, kumukonza akalakwitsa, kumuyankhira pamene sayenera kuyankha yekha. Palibe kholo limene linkapereka mwana ku tsimba litangomva kuti namkungwi wa chaka chino ndi wodziwika. Linkafuna kudziwa kuti phungu ndani.

Pulofesa wotanganidwa ndi namkungwi. Funso loyamba la mayi wa ku Area 24 likhale la phungu. Kodi pali supavaiza wachiwiri? Ndani, dzina lake? Kodi dzinalo lalembedwa pa mafomu a yunivesite, kapena langotchulidwa pakamwa? Kawirikawiri wachiwiriyu amakhala mphunzitsi wachinyamata amene watenga PhD yake posachedwa, amene akukumbukirabe kuwawa kwa kudikira, ndipo naye akufuna kuti wophunzira amalize chifukwa zimamukweza pa ntchito. Munthu wotere amatha kuwerenga chaputala m'masabata awiri. Apulofesa akulu n'kumabwera pa mphambano zikuluzikulu zokha: posankha funso, poona zotsatira, posaina. Dongosolo lotere likakhalapo, kutanganidwa kwa apulofesa sikuopsa kwenikweni. Likasowa, ndiye kuti namwali walowa m'tsimba yekha.

Malo amene amatulutsa madokotala a maphunziro mosadukiza amadalira gulu, osati munthu mmodzi. Ku Malawi-Liverpool-Wellcome, likulu la kafukufuku wa zaumoyo limene lili pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1995, wophunzira amakhala m'gulu la ofufuza anzake, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi omuyang'anira a kuno ndi a ku Britain. Mgwirizano wa CARTA, umene unayamba mu 2008 motsogoleredwa ndi bungwe la APHRC la ku Nairobi ndi University of the Witwatersrand ya ku Johannesburg, ndipo Amalawi apindula nawo, umasonkhanitsa ophunzira ake m'misonkhano yophunzirira limodzi pa magawo anayi a ulendo wawo, n'kuphunzitsanso masupavaiza kayang'aniridwe ka ophunzira. Anazindikira kuti kukhala katswiri wa malungo ndi luso lina, kulera wofufuza ndi luso linanso.

Pali vuto lina limene ndi lathulathu, ndipo liyenera kunenedwa poyera. Tinaleredwa kuti wamkulu safunsidwa kawiri. Mayi amene kusukulu kwake amaimitsa kalasi ya ana 80 ndi diso lokha, akafika pa khomo la apulofesa amagwada mumtima. Imelo yokumbutsa amailemba, kuifufuta, kuilembanso, kuyamba ndi kupepesa katatu. Mwezi ukadutsa amati mwina atanganidwa. Miyezi itatu ikadutsa amati ndikakumbutsa andiona ngati wamwano. Ulemu ndi chuma chathu ndipo sitiyenera kuutaya, koma ulemu ukasanduka mantha umadya zaka za munthu. Mankhwala ake ndi kugwirizana zinthu pachiyambi, nkhope zikadali zowala, kuti pokumbutsa munthu asamaoneke ngati akulamula wamkulu koma akungotchula zimene anapangana. University of Cape Town imafuna kuti wophunzira ndi supavaiza asainirane chikalata cha mgwirizano ndi kumachionanso chaka ndi chaka: azikumana kangati, ndemanga zizibwera pakapita nthawi yaitali bwanji, ndalama zichokera kuti. Kumene yunivesite ilibe fomu yotere, imelo imodzi yaulemu yolemba zimene mwakambirana imagwira ntchito yomweyo. Apulofesa amene amasunga nthawi sakhumudwa ndi pempho lotere. Ena amayamba okha kutulutsa kalendala. Amene angakwiye chifukwa chofunsidwa kuti tizikumana liti, ayankha kale funso lalikulu.

Ndipo yankho labwino limadziwika ndi manambala. "Khomo langa ndi lotsegula nthawi zonse" ndi mawu okoma, koma sauza munthu kanthu. "Ine ndizikuonani kamodzi pa mwezi, Lachitatu loyamba, ndipo chaputala ndimabweza pasanathe masabata anayi, za tsiku ndi tsiku muziona Dokotala uje" ndi mawu a munthu wotanganidwa amene amadziwa kutanganidwa kwake. Ola limodzi pa mwezi la munthu amene wawerengadi limaposa masana onse a munthu amene akutsegula pepala koyamba wophunzira ali pampando.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Komabe mboni zenizeni si apulofesa. Akulu akamafuna kudziwa banja limene mwana wawo akukalowa, safunsa mkamwini yekha, amafunsa oyandikana nawo nyumba. Mayi uja apemphe mayina a ophunzira amene ali pansi pa apulofesawo panopa, ndi amene anamaliza. Awapeze paokha, osati mu ofesi, ndipo asafunse kuti kodi ndi abwino, poti Mmalawi aliyense adzati ndi abwino kwambiri. Afunse zowerengeka. Munaonana nawo liti komaliza? Chaputala chanu chomaliza chinakhala masiku angati? Munayamba chaka chanji? Muli angati pansi pawo? Pa amene munayamba nawo, amaliza angati? Munthu akayankha kuti ali chaka chachisanu ndi chimodzi pa digiri ya zaka zitatu, n'kuyang'ana pansi, palibenso chofunsa. Afunefunenso mmodzi amene anasiya, chifukwa amene anamaliza amaiwala msanga zowawa. Paja safunsa anadya phula. Laibulale ya yunivesite nayo imanena zoona: mabuku a amene anamaliza ali pa shelefu, ndipo tsamba loyamba limatchula supavaiza ndi chaka.

Afunsenso za mawa. Kodi apulofesa atsala zaka zingati kuti apume pa ntchito? Kodi pulojekiti imene ikulipira fizi itha liti, isanathe digiri kapena itatha? Iwo akasamuka monga anachitira Sapir, wophunzira atsala m'manja mwa yani, ndipo ndalama zitsala kapena zinyamuka nawo? Malamulo a yunivesite amati chiyani za kusintha supavaiza zinthu zikavuta, ndipo dandaulo limapita kwa yani? Ukwati umakhala ndi ankhoswe, ndipo amadziwika tsiku loyamba, osati tsiku la mkangano.

Nkhani ya dzina pa mapepala isadikire kuti mapepalawo alembedwe. Mu 1967 wophunzira wa PhD ku Cambridge, Jocelyn Bell, anaona pa zolemba za makina ake chizindikiro cha mtundu wa nyenyezi umene unali usanadziwike. Mphotho ya Nobel ya 1974 yokhudza zimenezi inapita kwa supavaiza wake, Antony Hewish, pamodzi ndi Martin Ryle, ndipo dzina la Bell panalibe. Anthu akukanganabe za chilungamo cha nkhaniyo. Kwa mayi wa kaufiti nkhani si ya Nobel, koma ndi yofanana: iye akapsa ndi dzuwa nyengo ziwiri akuwerenga timaluwa ta kaufiti mzere ndi mzere, pepala likamatuluka dzina loyamba likhale la yani? Ndipo ngati pulojekiti ikufuna kuti azilemba malipoti a opereka ndalama, azichonga mayeso a ana a apulofesa, azikonza misonkhano, ntchito zimenezo zidya masiku angati pa sabata? Wotanganidwa amafuna womupeputsa, ndipo wophunzira wakhama ndi amene amasenzetsedwa msanga.

Mayiyu adziyang'anenso yekha moona mtima. Alipo anthu amene ukawapatsa khasu ndi kuwalozera malire amalima munda wonse osayang'ana kumbuyo. Amene analembapo pepala n'kulisindikiza, amene amadziwa kale kusanthula manambala pa kompyuta, amene ali ndi anzake ofufuza owaimbira foni, akhoza kukula bwino pansi pa pulofesa wosowa, mwinanso kusangalala ndi ufuluwo. Koma amene wakhala zaka zisanu ndi zitatu m'kalasi ya sekondale chitengereni Masters, amene njira zatsopano zofufuzira zinamudutsa, amafuna munthu womugwira dzanja chaka choyamba. Kuvomereza zimenezi si manyazi.

Pali chifukwa china chimene kusankhaku kuyenera kuchitika modekha: ubale umenewu sutha pa tsiku lovala gauni. Jack Mapanje, mlakatuli ndi katswiri wa zinenero, anachita PhD yake ku University College London pa Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi, n'kumaliza mu 1983. Supavaiza wake anali Neil Smith. Mu Seputembala 1987, Mapanje ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa n'kutsekeredwa ku ndende ya Mikuyu popanda mlandu. Smith anali mmodzi mwa anthu a kunja amene sanatope kulemba makalata ndi kuchita phokoso kuti atulutsidwe, mpaka anatuluka mu Meyi 1991. Panali patadutsa zaka zinayi chimalizireni digiri pamene Mapanje ankamangidwa, ndipo palibe lamulo la yunivesite limene linkakakamiza mphunzitsiyo kuchita kanthu. Anachita chifukwa ankamudziwa munthuyo. Supavaiza amene sakumbukira mutu wa kafukufuku wa wophunzira wake n'kovuta kuti adzamukumbukire pa tsiku la tsoka.

Maganizo a pulogalamu ino ndi akuti mayi wa ku Area 24 avomere ngati phungu alipo ndipo dzina lake lalembedwa, ngati ophunzira a apulofesawo amamaliza, ndipo ngati ndondomeko yake ingawerengedwe mvula isanagwe. Zimenezi zikasowa, ayambe wapempha kuti zikonzedwe, poti nthawi zambiri zimatheka: kutchula mphunzitsi wina wa m'dipatimenti, kapena wofufuza wa ku Chitedze, kuti akhale wachiwiri. Akakanizidwa ngakhale chimenecho, kukana n'kololedwa, ngakhale kumawawa m'dziko limene mwayi wotere subwera kawirikawiri ndipo abale adzati wataya chakudya chili pakamwa. Makomo ena alipo: Commonwealth, DAAD ya ku Germany, ndi RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a zaulimi umene likulu lake lili ku Kampala. Kudikira chaka chimodzi akuphunzitsa ndi kulandira malipiro kumapepuka kuposa zaka zisanu ndi chimodzi za digiri yosatha, ngongole ya fizi ili pakhosi.

Imelo ya apulofesa ija yati ayankhe mwezi usanathe. Usiku uno ku Area 24 ana agona, makope a Fomu 3 adakali pa tebulo osachonga, ndipo mayi uja walemba imelo ya mizere isanu ndi umodzi. Wathokoza apulofesa. Wapempha dzina la supavaiza wachiwiri, tsiku limene ndondomeko ingawerengedwe, ndi manambala a ophunzira awiri. Mawu opepesa anali atatu, wasiya amodzi. Bambo a m'nyumba akufunsa ngati kufunsa zotere sikukwiyitsa akuluakulu. Iye wayang'ana kalendala ya pakhoma, wawerenga masabata otsala kuti Novembala athe, ndipo watumiza.

(KANYIMBO KOTSEKERA)